Foni ikumatha moto ndikamayenda ndi mapu pa njinga yamoto: kodi batire lafa?

"Ndine wakabaza wa njinga yamoto, siteji yanga ndi pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Masiku ano ndimanyamula kwambiri anthu ogula mtedza ndi soya, komanso alangizi opita m'midzi ya ku Kapiri ndi ku Mkanda. Ambiri amangonditumizira malo pa WhatsApp kuti ndiwalondole ndi Google Maps. Foni yanga ndi Tecno, ndakhala nayo chaka ndi miyezi ingapo, ndipo ndimaimangirira pa handulo. Ndikanyamuka 6 koloko m'mawa ili yodzadza, pofika 10 koloko yazima, ndipo imatentha moti sungaiike patsaya. Ndinagula katchaja koika pa njinga, koma ngakhale ndilumikize, moto umangotsikabe. Anzanga ena akuti batire lafa, ena akuti GPS ndi imene imayamwa moto. Ndigule batire lina kapena foni ina? Ndalama yake ndi yovuta."

Achimwene, ndalama ija muisunge kaye m'thumba. Ndakhala pa tebulo lokonzera mafoni pa boma pano kwa zaka 12, ndipo dandaulo lanuli ndimalimva pafupifupi sabata iliyonse, makamaka kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa. Akabaza ambiri amene amabwera nalo, batire lawo limakhala lamoyo ndithu. Limangosenzetsedwa katundu woposa msinkhu wake, padzuwa, kwinaku likudyetsedwa ndi tchaja yopanda mphamvu.

Tiyeni tiwerengetsere pang'ono. Mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amene ali pamsika masiku ano amabwera ndi batire la 5,000 mAh. Foni yotere ikamangokhala m'thumba, n'kumalandira mafoni ndi mauthenga mwa apo ndi apo, imagona ndi moto mpaka mawa. Koma mukayatsa mapu, sikirini ikuwala mpaka pomaliza, data ili yoyatsa, foni imatha kumakoka mawati 4 kapena 5 osapumira. Batire la 5,000 mAh limasunga mphamvu yoti ingapereke mawati pafupifupi 19 kwa ola limodzi. Gawani 19 ndi 5, mupeza maola anayi osakwana bwino. Inu mukuti mumanyamuka 6 koloko ndipo imazima 10 koloko. Ndi maola anayi omwewo. Ndiye kuti batire lanu likupereka zomwe linalonjeza, ndipo mutagula latsopano lero, mawa lidzazimanso nthawi yomweyo.

Anzanu amene akuloza chala GPS akunena zoona pang'ono chabe. GPS situmiza kalikonse. Ntchito yake ndi kumvetsera basi, ngati wailesi. Masetilaiti amene ali kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 amaulutsa nthawi ndi malo amene ali, foni ikamva anayi kapena kuposerapo imawerengetsa pomwe mwaima. Sifuna bandulo, sifuna mayunitsi, sifunanso netiweki. Moto imadya ndithu, koma pa mbale yonseyi imangotsina. Omaliza mitanda ndi ena.

Woyamba ndi sikirini. Foni ikakhala pa handulo dzuwa likuomba, imadzikwezera yokha kuwala mpaka pomaliza kuti muzitha kuona, ndipo imakhala choncho ulendo wonse, ngakhale pa tala wa M12 pomwe ngakhale mwana sangasochere. Ena adzakuuzani kuti musinthe mapu akhale akuda kuti musunge moto. Zimenezo zimathandiza pa mafoni a sikirini ya AMOLED, pomwe malo akuda amakhala ozimadi. Mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi sikirini ya LCD, yomwe nyale yake yakumbuyo imayaka chimodzimodzi kaya chithunzi ndi chakuda kaya choyera. Pa foni yotere mapu akuda sakupulumutsirani kanthu, amangokuvutitsani kuona masana.

Wachiwiri ndi netiweki. Foni ikakhala pafupi ndi nsanja ya netiweki imalankhula monong'ona, ikatalikira imakuwa, ndipo kukuwako ndi moto. Mukangosiya tala n'kulowa m'midzi ya ku Mkanda kapena kuseri kwa mapiri, timizere ta netiweki timatsika, foni n'kumadumpha kuchoka pa 4G kupita pa 3G, kenako 2G, n'kubwereranso, kwinaku ikulimbana kuti ikoke zidutswa za mapu a kumene mukulowera. Akabaza pafupifupi nonse muli ndi malayini awiri, Airtel ndi TNM, ndiye kuti okuwa ndi awiri. Kufupi ndi malire, monga njira ya ku Mwami, pali chinanso: foni imamva nsanja za ku Zambia n'kumayesa kuzigwira. Ngati mumayenda kwambiri cha kumeneko, lowani m'masetin'gi a SIM, pomwe foni imasankha yokha netiweki muzimitsepo, musankhe nokha ya kwathu kuno.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mawu aja akuti sungaiike patsaya. Sikirini ndi netiweki zimangomaliza moto wa lero, mawa mumatchajanso. Kutentha kumadya batire lenilenilo, ndipo chomwe chadyedwa sichibwerera.

Okutobala wathayu kunabwera mnyamata wina wa kabaza, foni ili m'manja, chivundikiro chakumbuyo chitatukuka ngati mandasi. Nditachichotsa ndinapeza batire litafufuma, guluu wogwira sikirini atayamba kale kulekana m'mbali. Foniyo inali isanathe ndi chaka chomwe. Nditatuluka kukaona njinga yake ndinamvetsa. Pa handulo panali kachikwama kakuda kokhala ndi pulasitiki yoonekera pamwamba, kotseka ndi zipi. Anakagula kuti foni isamalowe fumbi, ndipo maganizowo anali abwino. Koma dzuwa limalowa pa pulasitikipo, mphepo osalowa, tchaja ili cholumikiza kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nditapisamo dzanja, m'katimo munali ngati pakamwa pa uvuni wa njerwa. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa, chifukwa iye ankaona ngati akuisamala.

Makampani opanga mafoni, monga Apple, amalemba poyera kuti foni izigwiritsidwa ntchito pamalo osatentha kupitirira madigiri 35. Masana a Okutobala kuno mpweya wokha umadutsa madigiri 30, ndiye ganizirani galasi lakuda lomwe layang'ana kumwamba kwa maola atatu, m'kati mwake mapu akugwira ntchito, batire likulandiranso moto. Zinthu zitatu zonsezi zimatulutsa kutentha. Foni ikaona kuti yatentha kwambiri imadziteteza: imachepetsa moto wolowa, nthawi zina imausiyiratu, ngakhale kachizindikiro kotchaja kakuonekabe pamwamba. N'chifukwa chake mumatha kulumikiza tchaja pa Kamwendo foni ili pa 60, pofika pa Kapiri ili pa 45. Chimodzi mwa zifukwa zomwe katchaja kanu kakuoneka ngati sikagwira ntchito ndi chimenechi.

Chifukwa china chili m'katchajamo. Timatchaja tambiri totchipa ta pa njinga timapereka 5V ndi 1A, omwe ndi mawati 5, ndipo tina ndikatiyeza pa mita timapereka theka lake, kaya pa paketi alembapo zotani. Foni ikudya mawati 5, tchaja ikupereka 3: ndi kutungira madzi m'ndowa yobowoka. Funani tchaja yopereka 2A kapena kuposerapo, ndipo ngati foni yanu imalola kutchaja mwachangu, ya mawati 18 ndi yabwino koposa. Chingwe nachonso musachipeputse. Zingwe zazitali zopyapyala zimataya mphamvu m'njira. Tengani chachifupi, chonenepa, ngati chomwe chinabwera ndi foni. Kuti mudziwe ngati vuto lili pa tchaja kapena pa chingwe, yesani m'mawa kukadali kozizira, injini ikulira, sikirini yozima. Pakatha mphindi 15 moto osakwera ndi pang'ono pomwe, sinthani chingwe muyesenso. Zikakhala chimodzimodzi, katchajako n'kotaya.

Ndikufunseni: anakulumikizirani pa waya uti? Funso limeneli ndi lalikulu kuposa mtengo wa tchaja. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono zomwe timayendera kuno, nyale yakutsogolo imatenga magetsi kuchokera ku injini mwachindunji, osadzera ku batire. Mudzaizindikira chifukwa njinga ikamalira chiimire nyale imafooka, mukapotokola mafuta imawala kwambiri. Magetsi a pa waya umenewo amakwera ndi kutsika, ndipo si oyenera tchaja. Anyamata ena olumikiza mwachangu amakonda waya womwewo chifukwa uli pafupi ndi handulo. Palinso akabaza ambiri amene batire la njinga linafa kalekale, amangoliza ndi kiki tsiku lililonse n'kumati bola ikuyenda. Batire la njinga si lolizira injini kokha, limagwiranso magetsi kuti asamadumphedumphe. Likafa, kudumpha konseko kumafika ku tchaja, tchaja yotchipa n'kukupatsira foni. Mafoni angapo amene ndawasintha kachipangizo kolandirira moto m'kati anachokera pa njinga zotere.

Choncho pitani kwa makanika wodziwa za magetsi a njinga, amene ali ndi mita, osati wongoyesa ndi babu. Injini ili yozima, batire labwino limaonetsa 12.5V kapena kuposerapo pang'ono. Injini ikulira, liyenera kukhala pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Likamadutsa 15V mukapotokola mafuta, ndiye kuti regulator, yomwe imaletsa magetsi kukwera mopitirira muyeso, yawonongeka, ndipo kawirikawiri mumakhala mwaona kale mababu akupsa pafupipafupi. Musalumikizepo foni mpaka asinthe. Tchaja ilumikizidwe pa waya womwe umalandira magetsi a batire pokhapokha mwatembenuza kiyi, ndipo pakhale fyuzi yaing'ono. Akailumikiza pa batire mwachindunji imayamwa pang'onopang'ono ngakhale njinga ili m'nyumba, ndipo mabatire a njingazi ndi aang'ono. Mukangodwala masiku angapo osayenda, mudzapeza njinga sikulira.

Tsopano chomwe chingasinthe tsiku lanu lonse popanda kugula kanthu: ikani mapu m'foni mwenimwenimo. Tsegulani Google Maps, dinani kachithunzi kanu pakona yakumwamba kumanja, sankhani Offline maps, kenako Select your own map. Mudzaona kabokosi. Kakokeni kakute Mchinji yense, kuchokera ku malire mpaka cha ku Namitete, kumpoto mpaka kufika cha ku Santhe, n'kudina Download. Chitani zimenezi ndi bandulo ya usiku kapena pomwe pali Wi-Fi. Zikatha, mutha kuzimitsa data n'kumayenda, kadontho kabuluu koonetsa pomwe muli kaja kamakutsatanibe, chifukwa monga ndanena, GPS sidalira netiweki. Makasitomala amathabe kukuimbirani, poti mwazimitsa data yokha osati layini. Kasitomala akakutumizirani malo pa WhatsApp, tsegulani mukadali pa siteji pomwe netiweki ili bwino, yambitsani ulendo, kenako zimitsani data. Mapu osungidwawa muziwakonzanso mwa apo ndi apo foni ikakukumbutsani. Ndipo mapu a zithunzi za kumwamba aja, oonetsa madenga ndi mitengo, muziwatsegula pokhapokha mukufuna kuzindikira nyumba. Amadya bandulo ndi moto womwe.

Palinso Organic Maps ndi OsmAnd, omwe anapangidwa kuti azigwira ntchito opanda intaneti. Mumakopera Malawi yense kamodzi basi. Mapu awo amachokera ku OpenStreetMap, komwe anthu odzipereka amajambula okha misewu, motero m'madera ena mumapeza tinjira tomwe pa Google palibe, m'madera ena ayi. Kukhala ndi onse awiri sikulakwa.

Chachiwiri, ndipo apa ndikudziwa kuti akabaza ambiri sagwirizana nane poyamba: ichotseni foni pa handulo. Inenso ndimayenda pa njinga yamoto ndikamapita kukakonza masola m'midzi, ndipo ndimachita chonchi. Ndisananyamuke ndimayang'ana njira yonse, n'kusunga m'mutu zizindikiro zitatu kapena zinayi: kuwoloka mtsinje, kudutsa sukulu, kukhotera kumanzere pa chigayo. Ndimayambitsa ulendo pa mapu, n'kuzimitsa sikirini, foni n'kuiika m'thumba la pachifuwa la jekete. Sikirini ikazima mapu saima ayi, mayi wa m'foni uja amapitirizabe kunena pokhota. Ndimavala kachomvera khutu limodzi lokha, linalo ndimalisiyira msewu. Ndikafika pa mphambano yondikayikitsa ndimaima, phazi pansi, n'kuitulutsa. Ulendo womwe unkandidyera theka la batire tsopano umangotsinako. Pa Tecno ndi Infinix pali kamodzi koti mukonze: mafoni amenewa amakonda kutseka mapulogalamu sikirini ikazima pofuna kusunga moto, ndiye mayi uja amangokhala chete pakati pa ulendo. Lowani m'masetin'gi a batire, mupeze Google Maps, muilole kuti izigwira ntchito ngakhale sikirini itazima.

Si nkhani ya batire yokha. Msewu wa fumbi wa nyengo ino uli ndi mchenga wobisala, ngolo, mbuzi, ana ochokera kusukulu. Mwanyamula munthu kumbuyo, mwina ndi thumba la mtedza. Maso akatsikira pa sikirini kwa kamphindi kamodzi njinga imakhala yapita kale mamita angapo. Mafoni osweka sikirini amene amafika pa tebulo langa eni ake atamanga bandeji pachigongono ndi ambiri ndithu, ndipo ndikawafunsa, ena amavomera kuti ankayang'ana mapu. Komanso mapu sadziwa kuti mlatho wamitengo uja unakokoloka mu Febuluwale, kapena kuti njira yachidule ija anthu analimapo soya. Mukayandikira mudzi, amayi a pa mjigo adzakulozerani nyumba ya amfumu msanga kuposa foni.

Ngati pali pomwe simungachitire mwina koma kuiika pa handulo, monga makilomita awiri omaliza kumalo achilendo, gwiritsani ntchito chogwirira chotseguka chomwe mphepo imadutsa kumbuyo kwa foni, osati kachikwama kotseka. Ipendeketseni iyang'ane kwa inu, isagone chagada kuyang'ana dzuwa. Mukaima kudikira kasitomala, ichotseni, chifukwa njinga ikaima mphepo yoziziritsa ija imathanso, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe foni imapsa kwambiri. Ikatentha, ichotseni pa tchaja, muiike pamthunzi izizire yokha. Musaithire madzi kapena kuiika m'firiji ya pa golosale, chinyezi chimalowa m'kati.

Handulo ili ndi vuto linanso, kunjenjemera. Mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto zamphamvu kumatha kuwononga makamera a iPhone, chifukwa m'kati mwake muli tizigawo toyenda tothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe tizigawo totere, ndiye kamera yanu mwina ili bwino. Chomwe ndimachiona kwambiri kuno ndi pobayira tchaja. Chingwe chikamalendewera pa mabampu a njira ya ku Mkanda chimagwedeza kabowoko mpaka kamakhwepa, fumbi n'kudzazamo, foni n'kumatchaja pokhapokha mwaigwira mopendeketsa. Mangani chingwecho ndi kalabala kuti kulemera kwake kusakhale pa foni. Nyengo ya mvula musabaye tchaja pa kabowo konyowa.

Tinthu tina tating'ono timene timaba moto mwakachetechete: kugawana malo amene muli pa WhatsApp kuti kasitomala azikuonani mukuyenda. Pamakhala posankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo ambiri amadina maola 8 n'kuiwala. Sankhani mphindi 15, kapena mukafika muzimitse. Hotspot yomwe munamuyatsira mnzanu pa siteji, Facebook ndi TikTok zotsala zotsegula, zonsezi zimadya nawo.

Pa nkhani ya pawabanki, ine ndimailimbikitsa kuposa tchaja ya pa njinga, makamaka ngati magetsi a njinga yanu ndi okayikitsa, chifukwa moto wake ndi wodekha. Ya 10,000 mAh ikukwanirani. Dziwani kuti pa nambala yolembedwayo, chofika m'foni ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, chinacho chimatayika posintha mphamvu ya magetsi, motero idzadzaza foni yanu kamodzi n'kutsala pang'ono. Pogula, inyamuleni m'manja. Yeniyeni ya 10,000 mAh imalemera magalamu pafupifupi 200 kapena kuposerapo. Mukaona yolembedwa 50,000 mAh koma yopepuka ngati paketi ya machesi, isiyeni pomwepo. Muzitchajira pamthunzi nthawi yodya nkhomaliro, sikirini yozima, osati m'thumba la buluku lothina kapena pansi pa mpando pafupi ndi injini.

Zingathekenso kuti miyezi yomwe foni yakhala ikupsa pa handulo yalifooketsa kale batire. Mabatire a mafoni amakalamba ngakhale asamalidwe bwanji. Ambiri akatchajidwa modzadza maulendo pafupifupi 500 amakhala atataya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yawo, ndipo inu amene mumatchaja kawiri patsiku mumafika pa nambala imeneyo chaka chisanathe. Liyeseni Lamulungu mukapuma. Itchajeni idzadze, muichotse pa moto usiku, data yozima, muione m'mawa. Ikatsika pang'ono chabe, batire lili bwino. Ikagwa kwambiri pomwe palibe amene waigwira, kapena ikamazima mwadzidzidzi ikuonetsa 30 kapena 20, kapena ikamadumpha kuchoka pa 50 kufika pa 15 m'mphindi zochepa, pamenepo bwerani nayo kwa wokonza mafoni. Kusintha batire n'kotchipa kwambiri kuyerekeza ndi kugula foni ina. Mumuuze akuonetseni batire latsopanolo asanaliike, ndipo lakale akubwezereni kapena alitaye inu mukuona.

Pali zizindikiro zomwe simuyenera kudikira nazo mpaka Lamulungu. Chivundikiro chakumbuyo chikayamba kutukuka, sikirini ikamakwera m'mbali ngati ikufuna kutuluka, foni ikamatentha ili chigonere osagwiritsidwa ntchito, kapena mukamva kafungo kachilendo ngati ka mankhwala, izimitseni nthawi yomweyo. Musaitchajenso, musaigoneke pafupi ndi mphasa kapena pomwe mumasunga petulo, ndipo musayese kuboola batire lofufumalo kuti mpweya utuluke, monga ndinamva ena amachitira ndi singano. Limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Ipititseni kwa wokonza tsiku lomwelo.

Mmene ndawerengera kalata yanu, foni yanu sinafike pamenepo. Usiku uno koperani mapu a Mchinji, mawa muyende ulendo wa ku Kapiri foni ili m'thumba la jekete, data yozima, ndipo muone kuti pofika 10 koloko yatsala pa zingati. Pobwerera mudzere kwa makanika akuyezereni magetsi a njinga ndi kuona waya womwe analumikizapo katchaja kaja. Mukapeza kuti motowo ukutsikabe mofanana ndi kale, mundilemberenso, munene mtundu weniweni wa Tecno yanuyo ndi manambala amene makanika wapeza pa mita.